Anagawana Masipanala Ngati Malaya

Amuna anga anamwalira mvula ili pakati, mtsinje wa Lupande utadzaza mpaka galimoto zochokera ku Chipata zinkagona kutsidya. Panali patapita zaka zochepa boma litasintha. Anadwala chifuwa miyezi isanu. Ntchito yawo inali ya umakaniko pa loji ina ya alendo odzaona nyama kufupi ndi mlatho wa Luangwa, ndipo ankakhala kwathu ku Kakumbi monga mkamwini. Anandisiyira ana awiri aakazi. Katundu wawo sanali wambiri: njinga, wailesi, malaya, mabuluku, nsapato, ndi bokosi lachitsulo lobiriwira la zida zawo za ntchito. Zidazo sizinali za loji. Anazisonkhanitsa okha chimodzichimodzi tisanakwatirane n'komwe, ndipo madzulo alionse ankazipukuta asanasambe m'manja.

Mwana wathu woyamba anali ndi zaka naintini. Giredi naini analemba, koma malo a giredi teni sanawapeze, motero anali pakhomo. Mwana ameneyu manambala anawadziwira pa masipanala asanayambe sukulu. Lamlungu tikachoka kutchalitchi anthu ankabweretsa njinga ndi mapampu, nthawi zina kuwaitana bambo ake kuchigayo injini ikakana, iye n'kumatsatira pambuyo. Bambo ake akati, "Teni," watola teni. Akati, "Seventini," watola seventini. Ine sizinkandisangalatsa, ndipo ndinene zimenezi poyamba kuti wina asaganize kuti ndinali wanzeru kuposa anzanga. Girisi satuluka pa chitenje, ndipo sopo zaka zimenezo anali wovuta. Ndinamukalipira kambirimbiri, tsiku lina ndinamukwapula. Mng'ono wake, wa bambo yemweyo, wokulira pabwalo lomwelo, akangomva fungo la dizilo ankatseka mphuno n'kuthawira kwa anzake.

Matenda atakula, amuna anga sankathanso kulowa pansi pa galimoto, chifukwa akagona chagada chifuwa chinkawatsamwitsa. Koma ntchito sankafuna kuisiya. Ndiye ankapita ndi mwanayo ku galaja, iwo n'kukhala pa tayala kumaloza, iye n'kulowa pansipo. Akapitawo a galajalo, bambo wachikulire wosalankhula zambiri, ankangoyang'ana. Pamaliro anabwera, ndipo titaika anadzakhala pakhomo la nyumba imene ndinalimo.

"Amai," anatero, "misewu ikauma, mwezi wa Meyi, tidzafuna munthu mmodzi wophunzira ntchito. Abwere mwana uja. Koma abwere ndi zida za bambo ake. Za loji n'zochepa, amuna awiri amene ndili nawo amachita kulimbirana. Wopanda zake sindingamulandire, ndipo ofuna malowo ndi ambiri."

Ndinavomera ndi mutu. Sindinaganize kuti bokosi lingavute.

Patapita masiku, abale a malemu anabweranso kuchokera kwawo mbali ya Nsefu kudzameta ndi kugawa katundu. Mwambo wathu ndi wotere. Nyumba, munda ndi ana ndi zakuchikazi, sazikhudza. Zimene mwamuna ankavala ndi kugwira m'manja mwake ndi za abale ake. Amaziyala pa mphasa pabwalo n'kumaitana wachibale mmodzimmodzi, kumupatsa chinthu chimodzi, kuti pasapezeke wobwerera chimanjamanja n'kumati malemu anandiiwala. Mkazi wamasiye amakhala pambali, mutu wometa, maso pansi, osatsegula pakamwa.

Otsogolera anali awiri. Woyamba anali mlongo wa amuna anga, amene ana anga amawatcha azakhali, mayi wamtali, wotsogolera amayi kutchalitchi kwawo, amene chilimwe ankamweta udzu n'kumagulitsa m'maloji. Wachiwiri anali mng'ono wa amuna anga, khukhi pa loji ina kumtunda kwa mtsinje. Onse awiri ine ndinkawatcha alamu.

Tsikulo anthu anachuluka kuposa malaya. Zovala zitatha, pabwalo panali patatsala anthu ambiri amene sanalandire kanthu. Alamu akhukhi atakokera bokosi pafupi ndi miyendo yawo, mwana wanga anayenda ndi maondo mpaka m'mphepete mwa mphasa n'kuomba m'manja.

"Azakhali, atate aang'ono, ndikupempha bokosilo. Njinga tengani, wailesi tengani. Akapitawo anati ndikayambe ntchito ndi zida za atate."

Azakhali anaseka kuseka kouma.

"Ntchito yanji, mwana iwe? Yolowa pansi pa galimoto miyendo ili panja?"

"Inde, azakhali. Ndimaidziwa."

"Umaidziwa! Anyani a m'maloji nawonso amadziwa kutsegula chitini cha shuga, chifukwa anaonera. Kudziwa si kufuna. Mlongo wangayu Mulungu sanamupatse mwana wamwamuna, mtima unamuwawa, ndiye anatenga iwe n'kukupinda uli wauwisi. Mtsikana sabadwa ndi mtima wa zitsulo. Taonani ana pa masanje. Ndani amawauza atsikana kuti tolani zigoba muziphika mchenga? Ndani amawauza aamuna kuti pindani mawaya mupange galimoto? Palibe. Zimachokera m'magazi."

"Ine palibe anandipinda, azakhali."

"Tseka pakamwa, akulu akulankhula."

Apo alamu akhukhi anakonza pakhosi. "Ine m'maloji ndakhalamo zaka zambiri. Sindinaonepo mkazi atabwera pageti kudzapempha ntchito ya m'galaja, ngakhale mmodzi. Geti silitsekedwa, palibe amawathamangitsa. Safuna basi. Mutu wawo supita kumeneko. Bokosili lipita lathunthu kumudzi, likadikire mwana wamwamuna wa mbumba yathu."

Ndinkayenera kukhala chete. Ndinkadziwa mwambo, ndinali nditakhalapo pamaliro ambiri. Koma ndinaona mwana wanga akadali chogwada m'mphepete mwa mphasa, ndipo ndinadzutsa mutu.

"Alamu, inu ku loji mumagwira ntchito yanji?"

Mayi amene anakhala pafupi nane ananditsina pantchafu. Sindinasiye.

"Mumaphika. Mumakanda buledi, mumasenda anyezi, mumavala epuloni. Anzanu amayala mabedi, amachapa, amasita, amasesa m'zipinda, onsewo amuna okhaokha. Kodi munabadwa ndi mthiko m'manja? Nanga bwanji kunyumba, akazi anu akadwala, mumagona ndi njala mphika uli pomwepo? Kapena magazi anuwo amakumbuka kuphika pokhapokha mzungu akakhala pampando?"

Anthu anaseka. Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo mkulu wina anachita kutsokomola nako kuseka. Kuseka kumeneko ndi kumene kunandipweteketsa. Munthu ukamuvula pagulu sakukhululukira.

Alamu akhukhi anaimirira. "Mwamva nonse? Mkazi wamasiye, tsitsi lake likadali pansi apo, akutukwana pa mphasa ya mwamuna wake. Ndi ameneyu anaononga mwanayu." Anatsegula bokosi n'kukhuthula zonse pa mphasa, zitsulo n'kulira ngwerengwere. "Popeza malaya atha koma anthu atsala, aliyense atenge chimodzi chokumbukira mbale wathu."

Ndipo anayamba kuitana. Mwana wanga anafuula, "Atate aang'ono, sagawa choncho! Zimayendera limodzi zimenezo! Sokete popanda chogwirira chake si kanthu!" Palibe anamumvera. Ambiri mwa anthuwo sanachite mwa nkhanza ayi. Kwa iwo sipanala inali ngati malaya, iliyonse yokwanira payokha. Nkhalamba zinkalandira ndi manja awiri, kuomba m'manja, zina misozi ikutsika, n'kumanga chitsulocho pansonga ya nsalu. Alamu akhukhi anadzitengera latcheti, chogwirira chija cha masokete omasulira mabauti. Azakhali anatenga bokosi lenilenilo, n'kuponyamo shifiting'i, sipanala imene imakula ndi kuchepa. Dzuwa lisanapendeke mphasa inali yoyera.

Anthu atabalalika, mwana wanga sanalire. Anakhala pakhonde n'kumanditchulira pamtima kuti uje watenga chakuti, uje chakuti, osaphonya ndi mmodzi yemwe. Atamaliza anandiyang'ana.

"Amai, mukanangokhala chete. Likanapita lathunthu, tikanakalipempha lathunthu."

Ankanena zoona. Sabata yonse tinkadya mbale imodzi osalankhulana.

Mkazi wamasiye sayendayenda asanamusudzule. Ine ndinayamba kuyenda mwezi wa Malichi. Ndinkapita ndekha, chifukwa akanapita mwanayo akanati ndi chipongwe. Amene amalidziwa dothi lathu lakuda nthawi ya mvula adziwa chimene ndikunena. Limamata kumapazi mpaka mwendo umodzi kulemera ngati mtondo, ndipo patapata umachita kunyamula m'manja. Inalinso nthawi imene chimanga chimakhwima ndipo njovu zimayamba kuwoloka mtsinje kudzadya m'minda. Munda ndinausiya m'manja mwa mlongo wanga, amene analinso ndi wake wolondera, ndipo mbali yonse ya kudambo inadyedwa ine ndili paulendo.

Ndinayambira kwa amalume a amuna anga, nkhalamba yausodzi. Sipanala ya seventini ndinaipeza atamangirira ku ukonde kuti uzimira. Atamva chimene ndadzera, anayamba kumasula mfundo ndi mano.

"Onse aja samadziwa kanthu," anatero. "Si kuphunzitsa, si chiyani. Mwana uja anabadwa mwezi umene anamwalira agogo a bambo ake, osula makasu. Mkuluyo ndi amene anabwerera mwa iye. Mukamuletsa adzadwala."

Ine zimenezo sindinazikhulupirire, koma ndinaomba m'manja n'kulandira.

Kwina ndinapeza pulayazi akuphulira nayo mphika pamoto. Kwina sikuludiraiva anali atasomeka pachitseko m'malo mwa mpiringidzo. Sipanala yaikulu kwambiri inali pa tchalitchi china chaudzu, akumenyera limu, chitsulo cha pakati pa tayala la galimoto, poitana anthu kumapemphero, ndipo akulu a mpingo sanaipereke mpaka nditabweranso ndi khasu lakutha loti azimenyera. Masokete ena ana anali atawasandutsa zoseweretsa, ndinachita kuwafukula mumchenga. Wina anati yake inagwera mumtsinje. Wina anali atapereka kale kwa wokonza njinga pamsewu wa ku bwalo la ndege, ndipo wokonza njingayo anandikanira m'maso muli gwa.

Panalibe khomo limene ndinalowa osamva mlandu womwewo, chifukwa nkhani inali itafika kale ine ndisanafike. Bambo wina, msuweni wa malemu, sanandipatse ngakhale mpando.

"Ndinu amene mukufuna kusandutsa mwana wamkazi tambala? Adzamukwatira ndani, wonunkha dizilo, manja ngati chikopa cha mvuu? Nkhuku yaikazi ikalira ngati tambala timaipha."

"Ndangodzera sipanala, bambo."

"Sipanala ndi ya m'bale wanga. Inu munali mkazi wake chabe. Tulukani."

Ndinatuluka. Nditafika pamtengo wa mango kunja kwa mudzi, ndinamva mapazi kumbuyo. Anali mkazi wake, atabisa sipanala m'lichero pansi pa nkhwani. Anandipatsa n'kubwerera mothamanga.

Amene anagwirizana nane kwambiri ndiye sanandipatse kanthu. Anali mphunzitsi wa ku pulaimale, wachibale wa patali. Anandikhazika pampando, anandipatsa tiyi, n'kundiuza kwa nthawi yaitali, theka m'Chingerezi, kuti mwana amabadwa ngati pepala losalemba, kuti makolo ndi amene timalembapo, kuti kumaiko ena akazi amayendetsa ndege. Ndinkangovomera. Pomaliza nditafunsa za sipanala, anakanda m'mutu. Anati nkhaniyi ndi ya banja lonse, sangachite yekha, azakhali angamve. Ndinamwa tiyi wake n'kunyamuka.

Kwa alamu akhukhi ndinapita mwezi wa Epulo, ku komboni ya antchito kuseri kwa loji. Alendo kunalibe, loji inali yotseka chifukwa cha mvula, ankangokonza zotsegulira. Anatuluka atavala epuloni yomweyo.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Mwabwera kudzaona ngati ndikusenda anyezi?"

Ndinagwada pafumbi, antchito anzawo akuonera. Ndinati ndinalakwa, chisoni chinandilankhulitsa, andikhululukire.

"Mukudziwa dzina limene anandipatsa kuno? Amai a nyumba. Ndikadutsa, amati amai a nyumba, ndiwo zapsa? Chifukwa cha inu." Anandiloza ndi chala. "Mumvetsetse. Ine sindinafune mthiko. Ndinkafuna mfuti, ndikhale sikauti woteteza nyama. Anandikana chifukwa cha diso ili. Njala ndi imene inandilowetsa kukhichini, mtima sunalowe. Mtima wanga ndi wamwamuna mpaka lero. Ndipo wa mwana wanuyo ndi wamkazi, ngakhale mumuveke ovolosi."

Mawu oyankha anafika pammero, koma ulendo uno ndinawameza.

"Latchetiyo, alamu."

"Ili pansi pa Luangwa. Kapempheni ng'ona."

Kaya anaponyadi, kaya ili m'sutikesi mwawo mpaka lero, sindidziwa.

Kunatsala azakhali. Ndinkawazengereza dala. Ndinapita masiku otsiriza a Epulo, matope atayamba kung'ambika. Ndinawapeza akuyanika mpunga pabwalo. Bokosi linali pakhonde, poonekera, ndipo anali atasungiramo mbewu za maungu ndi nyemba. Anandiyalira mphasa, chifukwa iwo mwambo saphonya ngakhale akudana nawe, koma madzi akumwa sanandipatse.

"Ndamva kuti mwazungulira dziko lonse, alamu, tisanakusudzuleni. Manda a mlongo wanga sanaphwe, inu muli pamsewu."

"Masiku atha, alamu. Meyi wafika."

"Meyi." Anapitiriza kusalaza mpunga ndi dzanja. "Tandiuzani. Atate athu ankakonza njinga, mukudziwa. Ine ndinakulira pomwepo. Ndinkakhala pambali pawo tsiku lonse, ankandikonda kuposa ana onse. Palibe anandiletsa kugwira chitsulo. Sindinachifune, ngakhale tsiku limodzi. Mlongo wanga atangoyamba kukwawa anakwawira ku maunyolo. Anatiphunzitsa ndani zimenezo?"

"Sindidziwa."

"Nanga wanu wamng'ono uja? Bambo ndi yemweyo, bokosi ndi lomweli. Bwanji iye amathawa?"

"Sindidziwa, alamu. Zoona, amathawa."

"Ndiye mukulimbana ndi chiyani?"

Apo ndinawauza chimene ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale amuna anga. Ndili kamtsikana ndinkafuna bwato. Ndinkadzuka m'mawa kukaona atate akupalasa, ndipo tsiku lina ndinamasula bwato lawo n'kuwoloka dziwe ndekha, kupita ndi kubwera, osagwedezeka. Nditafika pagombe anandimenya ndi nkhafi yomweyo mpaka sindinakhale pansi masiku atatu. Anati mkazi akagwira nkhafi nsomba zimathawa. Kuyambira pamenepo aliyense akandifunsa ndinkati bwato sindilifuna, ndimaopa madzi. Ndinanena choncho mpaka ndinayamba kuopadi.

"Ndiye mukamati akazi safuna," ndinatero, "ine sindidziwa kuti ndi angati ali ngati inu, ndi angati ali ngati ine. Kuwayang'ana pamaso onse amaoneka chimodzimodzi."

"Atate anu anachita bwino," anatero azakhali. "Muli moyo, munakwatiwa, munabereka. Mukanapitiriza, ng'ona ikanakudyani."

"Mwina."

"Osati mwina." Anasiya mpunga n'kutembenuka. Maso awo anali ofiira. "Inu mukuganiza kuti ine ndikulimbira chitsulo? Chitsulo ndidya? Chaka chino chokha ndasambitsa mitembo ya atsikana angati kumudzi kuno? Mukudziwa matenda amene abwera. Mukudziwa, musandiyang'ane choncho, mwaika mwamuna inu. Ndiye mukutenga mwana wa mlongo wanga, magazi ake otsala, kukamuponya yekha pakati pa madalaivala ndi amakaniko, kukampu kutchire, miyezi sikisi. Akadzabwera ndi mimba, kapena ndi chifuwa, mudzati anabadwa nacho kapena anaphunzitsidwa?"

Pamenepo anandilasa, chifukwa mantha amenewo ndinali nawo inenso, ndipo ndinkayenda nawo m'matope monse muja.

"Amuna ali paliponse, alamu. Kumsika alipo, kutchalitchi alipo. Atsikana amene mwasambitsawo analowapo m'galaja?"

Anaimirira. Ndinadziwa kuti pakamwa panga pachitanso zake.

"Mverani. Bokosi ili silituluka pano. Shifiting'i ili m'katimo, ikhala momwemo mpaka idye dzimbiri. Ndipo mwana ameneyo akakangolowa m'galaja, inu ndi ife tathana. Musadzabwere pamaliro athu, ifenso sitidzabwera pa anu. Kukusudzulani tidzatuma munthu."

Anakoka mphasa ine ndisanaimirire bwino.

Njira yobwerera inali yaitali. Ndinafika kunyumba dzuwa likulowa, n'kumuuza mwanayo zonse, osabisa ngakhale za matenda. Ndinati asankhe yekha, chifukwa abale a bambo ake ndi ake, si anga. Anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati shifiting'i ndinaiona ndi maso. Nditati ayi, anagwedeza mutu n'kupita kukatsuka zitsulo zimene ndinabweretsa ndi palafini ndi mchenga, pakuti zambiri zinali zitachita dzimbiri.

Lolemba loyamba la Meyi tinanyamuka m'mawa, zida zili m'thumba la ufa. Ndinamuperekeza ngakhale iye sankafuna. Tinafika ku galaja cha m'ma seveni. Galimoto zitatu zonyamula alendo zinali pamiyala, zopanda matayala. Amakaniko awiri aja anali pakhomo ndi makapu a tiyi, ndipo atationa wina anati, "Amai, ufa amalandirira kukhichini, uko." Mnzake anaseka mpaka tiyi anatayika.

Akapitawo anakhuthula thumba pa benchi n'kuyamba kundanditsa masipanala kuyambira yaing'ono. Pamene panasowa ankasiya mpata. Mipata inali yambiri. Masokete anawaika pambali, n'kuwakankha ndi chala.

"Latcheti?"

"Palibe," anatero mwana wanga.

"Shifiting'i?"

"Palibe."

"Satini?"

Sipanala ya satini inali ija ya mphunzitsi. Mwanayo anayang'ana pansi.

"Ndinati zida za bambo ako. Izi ndi theka." Anatembenukira kwa amuna awiri aja. "Mudzamubwereka?"

"Ine ayi," anatero woyamba. "Chida chikagwiridwa ndi mkazi chimaterera."

"Akafuna satini akatenge kwa azakhali ake," anatero wachiwiri. Nkhani inali itafika ngakhale kumeneko.

Akapitawo anayang'ana benchi. Ine ndinaima pakhomo manja kumbuyo, lilime nditaliluma. Kenaka analowetsa dzanja m'thumba la ovolosi yawo n'kutulutsa satini yakale, yakuda, yopindika pang'ono, n'kuiika pampata wake.

"Iyi ubweze madzulo alionse m'manja mwanga. Uyambira matayala ndi girisi. Injini sukhudza mpaka nditanena. Ukalira, ukadandaula, ukachedwa kamodzi, kunja kuli anthu akudikira." Analoza galimoto yakumapeto. "Masipuling'i a iyo akulira. Lowa."

Mwana wanga anamanga chitenje pamwamba pa buluku limene anabwereka kwa mlongo wanga, anatola zida zitatu, n'kulowa pansi pa galimoto osandiyang'ana. Amuna aja anayamba kuimba mluzu. Akapitawo anandiuza kuti ndizipita, pano si pa makolo.

Anagwira chaka chimenecho mpaka mvula, ndipo chaka chotsatira anamuitananso. Amuna awiri aja sanamubwerekepo chida ngakhale kamodzi, ndipo masabata oyamba ankamubisira jeke yokwezera galimoto. Za zimenezi anandiuza patapita nthawi yaitali.

Kundisudzula anatumadi munthu, mkulu wina amene sindinkamudziwa, amene anachita mwambowo ataimirira n'kukana kudya. Amai anga atamwalira chaka chotsatira, kuchokera ku Nsefu sikunabwere munthu.

Azakhali ndinakumana nawo kamodzi kokha, mwezi wa Julayi, pamsewu wa ku mlatho. Anali atasenza mtolo wa udzu kupita nawo ku loji, ine ndikuchokera kuchigayo. Msewu unali wopanda munthu wina. Ndinapatuka, ndinatula ufa pansi, n'kupinda bondo.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

Anadutsa pafupi kwambiri moti nsonga za udzu zinandikwapula kumaso. Ndinadikira mpaka atafika patali, kenaka ndinasenza ufa wanga.